Za Mau Onyoza m'Kanema: "Boy" ndi "Mister" m'Filimu ya Sidney Poitier

Munthu amene aphunzira chiyankhulo cha eni m'buku amayamba ndi kudziwa chimene mau atanthauza, koma kulemera kwa mauwo amakudziwa mochedwa, ndipo ena amakalamba asanakudziwe. Buku lomasulira mau lidzakuuzani kuti "boy" ndiye mnyamata, ndi kuti "Mister" ndilo liu laulemu loikidwa patsogolo pa dzina la mwamuna. Zonsezi nzoona, koma iye amene adziwa zokhazi, akakhala pansi kuonera filimu yotchedwa In the Heat of the Night, adzaona anthu akupsa mtima ndi kuombana mbama, osazindikira chimene chawautsa. Ndasankha filimu imeneyi chifukwa m'menemo nkhondo yaikulu iri pa mau awiri amene mwana wa Sitandade 3 awadziwa kale, ndiponso chifukwa limodzi la mauwo linafika kwathu kuno kalekale, nilikhazikika, ndipo tikali kulinena ndi pakamwa pathu.

Filimuyi inatuluka m'chaka cha 1967. Woitsogolera anali Norman Jewison, ndipo nkhani yache inatengedwa m'buku la John Ball la 1965. Sidney Poitier asewera ngati Virgil Tibbs, munthu wakuda, wapolisi wa ku Philadelphia wodziwa kufufuza milandu ya kupha anthu. Rod Steiger asewera ngati Bill Gillespie, Mzungu, mkulu wa apolisi m'kamzinda ka Sparta ku Mississippi. Usiku wina wotentha mtembo wa Colbert, munthu wachuma amene anadza kudzamanga fakitale, upezeka pamseu. Wapolisi wina dzina lache Sam Wood apita ku siteshoni ya sitima, napeza munthu wakuda wobvala suti yabwino alikudikira sitima, ali ndi ndalama zambiri m'chikwama. Samfunsa kuti ndiye yani. Amuitana "boy," namgwira, napita naye kwa Gillespie. Kumeneko kudziwika kuti wogwidwayo ndi wapolisi mnzao, wolandira madola 162.39 pa mlungu, ndi kuti anangodza kudzaona amai ache. Pambuyo pache awiriwa, osafuna onse, akakamizidwa kufufuza mlanduwo pamodzi.

Za mlandu wa kuphawo sindinena zambiri, pakuti ndiyo mbali yofooka ya filimuyi. Wakuphayo atulukira kumapeto mofulumira, ndipo oonera ambiri akafunsidwa patapita mlungu sakumbukira bwino chimene anaphera. Chimene akumbukira ndicho maitanidwe a anthu awiri aja.

Tiyambe ndi liu lakuti "boy." Kum'mwera kwa United States, kuyambira nthawi ya ukapolo kufikira zaka zimene filimuyi inapangidwa, unali mwambo wa Azungu ambiri kuitana mwamuna wakuda "boy" ngakhale akhale ndi imvi, kapena kumtchula dzina lache loyamba lokha, ndipo mwamunayo anayenera kuyankha ndi "sir" kapena "Mister." Mkazi wakuda sanatchedwe "Mrs" kapena "Miss." Mwambo umenewu sunalembedwe m'buku la malamulo, komabe woulakwira anali kuika moyo wache pachiswe. Kuti muone kukula kwache, kumbukirani mlandu wa Mary Hamilton. M'chaka cha 1963, m'bwalo la milandu ku Gadsden, Alabama, mai ameneyu, amene anali kumenyera ufulu wa anthu akuda, anakana kuyankha mafunso chifukwa wofunsayo anali kumtchula "Mary" chabe, pamene mboni za Chizungu zinali kutchulidwa ndi ulemu. Woweruza anati wanyoza bwalo, namlamula kukhala m'ndende masiku 5 ndi kulipa madola 50. Mlanduwo unakwera kufikira ku bwalo lalikulu la dziko lonselo, limene m'chaka cha 1964 linafafaniza chilangocho. Zimenezi zinachitika zaka zitatu zokha filimuyi isanatuluke. Kotero oonera a nthawi ija, pomva Gillespie alikunena "Virgil" kawirikawiri, anamva chimene ife tingachiphonye. Ndiponso m'chaka cha 1968 anchito akuda otola zinyalala ku Memphis, ponyanyala nchito, ananyamula zikwangwani zonena kuti iwo ndi amuna. Wosadziwa mbiri ya liu lakuti "boy" adzayesa zikwangwanizo zinena chinthu chodziwika kale.

Bwalo lalikulu lomwelo linabwereranso ku liuli m'chaka cha 2006, pa mlandu wa Ash ndi kampani ya Tyson Foods, pamene anchito awiri akuda anadandaula kuti wowayang'anira anali kuwaitana "boy." Bwalo laling'ono linati liulo palokha siliri umboni wa tsankho. Bwalo lalikulu linakana, niliti tanthauzo la wonenayo lingadalire malo ndi nthawi imene wanenera, kamvekedwe ka mau ache, mwambo wa kumaloko ndi mbiri ya liulo. Ndaika zimenezi pano chifukwa oweruza aja, osadziwa, anatilembera ife aphunzitsi a ziyankhulo mitu ya phunziro lathu.

Tsono funso la ife nali: tidzalimasulira bwanji liuli m'Chichewa? M'nyumba zoonetseramo kanema m'misika yathu muli anyamata aluso amene amaika mau a Chichewa pa mafilimu a kunja, ndipo ana athu a sukulu amaphunzira kwa iwo zambiri, zabwino ndi zoipa zomwe. Womasulira wofulumira adzati "mnyamata," ndipo pomwepo ululu wonse watha. Pakuti kwa ife "mnyamata" siliri liu lopweteka. Nkhalamba ikauzidwa kuti ikali mnyamata imasekerera. Mfumu iri ndi anyamata ache, ena a iwo ali ndi zidzukulu, ndipo sachita nazo manyazi. Chimene Sam Wood achita pa siteshoni paja, Mchewa amachichita ndi zipangizo zina zimene Chingerezi chiribe. Chingerezi cha masiku ano chiri ndi "you" mmodzi yekha, wa mfumu ndi wa mwana yemwe. Chifukwa chache katundu yense wa ulemu ndi wa mwano amasenzedwa ndi maina ndi mau oitanira. Ife tiri ndi "iwe" ndi "inu". Tiri ndi "a" woika patsogolo pa dzina. Tiri ndi mfunda, aPhiri, aNabanda. Tiri ndi kutchula munthu ndi dzina la mwana wache. Ndipo pofuna kuchepsa munthu tiri ndi "ka," amene asandutsa mwamuna wamkulu kukhala kamunthu. Wapolisi wakwathu akafuna kunyazitsa mlendo wobvala bwino sasowa liu lotukwana. Angoti, "Iwe, taima uko! Kathumbako katsegule," ndipo onse oimirira pafupi adziwa chimene chachitika.

Chomwechonso dzina lakuti "Virgil." Womasulira akalisiya monga liri, woonera wakwathu adzayesa kuti awiriwa ayamba kale chibwenzi. Koma ife tidziwa bwino lomwe kuopsa kwa dzina. Pa mwambo wa makolo athu, munthu amene analowa chinamwali napatsidwa dzina latsopano, kumuitana ndi dzina lache la ubwana kunali mlandu wofika kwa mfumu, pakuti woitanayo anali kunena kuti, iwe sunakule. Ndicho chimene Gillespie alikunena. Dzinalo nlache ndithu la Tibbs, silonama. Cholakwa nchakuti lalandidwa chobvala chache ndi munthu amene sanapatsidwe chilolezo.

Malo odziwika koposa m'filimuyi ndi pamene Gillespie, atakwiya chifukwa Tibbs wamtsutsa pamaso pa anthu za mnyamata wina wogwidwa molakwa, aseka dzina la Virgil, naonjezapo liu lija lonyansa lonyozera anthu akuda limene sindidzalilemba pano, namfunsa chimene amamtchula kwao ku Philadelphia. Tibbs ayankha kuti kumeneko amamtchula ndi "Mister" ndi dzina la atate ache. Yankho limenelo linachuka kwambiri kotero kuti filimu yotsatira, ya 1970, inatenga dzina lache pamenepo. Anthu ambiri amatama ukali wa Poitier pa malo amenewa, ndipo ayenera. Koma ine ndifuna muone chimene chitsatira, chimene ambiri amachiiwala. Gillespie sakhala chete. Atola "Mister" yemweyo, namnena mobwerezabwereza ndi mau okweza, namuika ngakhale pa dzina la wapolisi wache Wood, nalamula kuti mlendoyo aperekezedwe ku siteshoni. Liu laulemu lasanduka chikwapu m'kamphindi. Ichi Mchewa achimva msanga, pakuti nafenso timatero: mai akapsa mtima ndi mwana waulesi amati, "Adzuka kodi abwanawa? Tiwapatse madzi osamba?" Ulemu wopitirira muyeso ndiwo kunyogodola. Womasulira wabwino adzasiya Gillespie anene "iwe" m'filimu yonse, koma pa malo awa okha adzampatsa "inu" ndi "abwana," ndipo oonera adzamva mbola yache.

Kunyoza koopsa koposa m'filimu yonse kulibe liu loipa ngakhale limodzi. Awiriwa apita kwa Endicott, mwini munda waukulu wa thonje, amene anali kudana ndi fakitale ya Colbert. Panjira apyola anthu akuda alikutola thonje padzuwa. Endicott awalandira m'nyumba yache yoleramo maluwa, nayankhula mofatsa, naitanitsa chakumwa, nakondwa poona kuti Tibbs adziwa za maluwawo. Kenaka afanizira maluwa ache ndi anthu akuda, kuti onsewo afunika kusamalidwa, kudyetsedwa ndi kuleredwa kwa nthawi yaitali. Iye ayesa kuti wanena mau achifundo. Pozindikira kuti Tibbs wadza kudzamfunsa za mlandu, amuomba mbama; ndipo Tibbs abwezera pomwepo, osayamba waganiza. Mbama imeneyi m'buku la John Ball mulibe, inaonjezedwa m'filimu, ndipo m'chaka cha 1967 inali chinthu chodabwitsa kuona munthu wakuda alikubwezera Mzungu chotero pa kanema wa ku America. Koma wophunzira chiyankhulo ayang'ane zimene zinatsogola. Mau a Endicott ndi "boy" yemwe uja, wobvekedwa malaya a ku tchalitchi: onse awiri anena kuti munthu wakuda ndi mwana wosakula. Mwana wa sukulu amene afuna mau otukwana okha adzati nkhalambayi inali yaulemu kufikira pamene inamenya.

Pano ndipatuke pang'ono. Opanga mafilimu ku Hollywood anali ndi malamulo ao otchedwa Production Code, olembedwa m'chaka cha 1930, osungidwa mwamphamvu kuyambira 1934, amene anatha mu 1968. Malamulowo analetsa mau otukwana, kotero kuti m'chaka cha 1939 panali kukangana pa liu limodzi lakuti "damn" m'filimu ya Gone with the Wind, filimu imene ionetsa ukapolo ngati nthawi yokoma. Oletsa mau amagwira chimene chingalembedwe pa mndandanda. "Boy" sakadamuika pamenepo, pakuti ndi liu la m'buku la ana. Ife aphunzitsi tiri ndi nthenda yomweyo. Mwana akanena pabwalo la sukulu liu lotukwana limene analimva m'kanema, timathamangira kumlanga, ngakhale kawirikawiri iye salidziwa tanthauzo, angokondwa ndi kulira kwache monga akondwa ndi kulira kwa mfuti. Koma mwana yemweyo akayankhula Chingerezi choyera chochepsa mnzache, timamtama kuti walankhula bwino.

Pali malo ena achete amene ine ndiwayesa opambana onse. Usiku wina Tibbs ali m'nyumba ya Gillespie, ndipo mwini nyumba, atamwako, ayamba kuulula kuti alibe mkazi, alibe ana, ndi kuti palibe amene amadza kudzamchezera. Afunsa mlendo wache ngati sasungulumwa. Tibbs ayankha mofatsa kuti kusungulumwa kwache sikuposa kwa mnzacheyo, namtchula "man." M'mayankhulidwe a tsiku ndi tsiku a ku America, makamaka pakati pa anthu akuda, "man" ndilo liu loitanira mnzako wolingana naye, monga ife tinganene "mnzanga" kapena "achimwene." Gillespie aumva mtima wache ukubaidwa. Chifundo chochokera kwa munthu wakuda sangachilandire, ndipo kulingana kumene kuli m'liulo sangakupirire. Abwerera msanga ku "boy," nakana kumveredwa chisoni. Taonani tsono: liu limene kwa wina liri la chikondi, kwa uyu lakhala mwano, chifukwa cha amene walinena. Steiger asewera malo amenewa bwino kwambiri, ndipo ndiye analandira mphotho ya Oscar ya wosewera wamwamuna. Filimuyi inalandira mphotho 5 zonse pamodzi, pa mwambo wa mu April 1968 umene unachedwetsedwa masiku awiri chifukwa cha kuphedwa kwa Martin Luther King.

Muchenjezenso ana anu kuti si "boy" aliyense amene ali wonyoza. M'mafilimu a ku America adzamva "oh boy," amene ali mau odabwa chabe, monga "kalanga ine" kapena "eee". Adzamvanso anthu okondana alikutchulana maina oipa nkumaseka. Izi sizachilendo kwa ife. Msuweni amanena kwa msuweni wache mau amene mlendo akawanena pangakhale mlandu wa mbuzi. Chobvuta nchakuti mwana woonera kanema aona mau okha, chisuweni chache osachiona, nawatenga kukawanena kwa munthu amene sali msuweni wache.

Kodi filimuyi iribe chilema? Chiripo, ndipo chikhudza nkhani yathu yomweyi. Kuti Tibbs ayenere "Mister," olemba anampanga wopambana anthu onse a m'Sparta: adziwa za mitembo kuposa dokotala, adziwa za maluwa monga mwini maluwa, abvala bwino, alandira ndalama zambiri. Woonera atuluka alikuti, zoonadi munthu wotere sayenera kutchedwa "boy." Nanga otola thonje aja? Nanga wanchito wa m'nyumba ya Endicott, amene aimirira ndi zakumwa m'manja? Filimuyi siwapatsa mau okwanira, ndipo mosafuna iphunzitsa kuti ulemu ndi mphotho ya ophunzira. Mary Hamilton sanapemphe "Miss" chifukwa cha sukulu yache. Mlembi James Baldwin, m'buku lache la 1976 lotchedwa The Devil Finds Work, sanakhutire ndi chiyanjano cha kumapeto kwa filimuyi, ndipo ine ndibvomerezana naye pang'ono. Koma ndiyesa kuti olemba anali oona mtima pa chinthu chimodzi, chimene ndidzachitchula pomaliza.

Ndinati liu limeneli linafika kwathu. M'masiku a utsamunda mwamuna wogwira nchito m'nyumba ya Mzungu anali "boyi," ngakhale akhale tate wa ana asanu, makolo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia anapeza kuti ngakhale kapitao wa gulu anali "bosiboyi." Azungu aja anapita, koma liulo tinalisunga. Tsiku lina ndikuyendera ophunzira athu pa sukulu ina ya m'tauni, ndinamva mtsikana wa Sitandade 6 alikuwerenga chimangirizo chache cha Chingerezi chonena za banja lao, ndipo anatchula "garden boy" wao. Mphunzitsi anachonga, pakuti galamala inali bwino. Nditamfunsa mwanayo m'Chichewa za munthuyo, anati, "Ndi agogo ndithu, ali ndi imvi, timawatcha aMbewe." M'chiyankhulo chache mwanayo sakadatha kunena "iwe" kwa nkhalambayo, m'Chingerezi anaichepsa osadziwa, ndipo sukulu inampatsa malikisi.

Chifukwa chache ndipempha inu amene mudzaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi m'kalasi imodzi kuti musalekanitse maphunziro awiriwa pa nkhani iyi. Filimuyi si ya ana a pulaimale, ndipo sindikuti muwaonetse; muionere inu eni, ndi pensulo m'manja, mulembe liu liri lonse loitanira munthu, amene walinena, amene wauzidwa, ndi amene anali kumvera. Pambuyo pache yesani kumasulira, ndipo mudzapeza kuti mukangana. Kwa ana, tengani chiganizo chimodzi chachifupi, monga chopempha munthu kuti asendere, achinene kwa mng'ono wao, kwa msuweni, kwa apongozi, kwa mfumu. Kenaka afunseni chimene Mngerezi, amene alibe "inu," angachite kuti aonetse kusiyana kumeneko. Adzatulukira okha nchito ya "Mister," ya "sir," ndi ya "please," ndipo adzatulukiranso chimene chichitika mau amenewa akachotsedwa dala.

Chinthu chija ndinalonjeza nachi. Pa mapeto a filimu Gillespie aperekeza Tibbs ku siteshoni yomwe ija anagwidwirako, ndipo mkulu wa apolisi ndiye anyamula sutikesi, nchito imene ku Mississippi inali ya "boy." Agwirana chanza. Tibbs alikukwera sitima, Gillespie amuitana namuuza kuti adzisamale, koma amuitanabe "Virgil." Olemba sanamlole kunena "Mister" ndi mtima woona, pakuti munthu wotere sakadatero m'masiku owerengeka. Dzina ndi lomwe lija, mau okha ndiwo afewa. Tsono womasulira wa Chichewa, amene sangathawe kusankha, aika chiani pakamwa pa Gillespie? Akati "mupite bwino," wampatsa ulemu umene filimu inaumana. Akati "upite bwino," oonera ena adzamva "iwe" wa paubale, ena adzamva "iwe" wakale uja wa pa siteshoni. M'kalasi langa la chaka chatha tinakangana mpaka belu linalira, ambiri anasankha "upite bwino," koma mai wina wachikulire, amene anaphunzitsapo zaka zambiri asanadze ku koleji, anati iye akadasiya Gillespie ayambe ndi "u," akhosomole, namalize ndi "mu."